Maenje pa Njira ya Kumtsinje

Lorna Kettleson sadziwa kukhala pansi. Zimenezi m'chigwa muno aliyense amazidziwa, ndipo mukamuitana kwanu musavutike n'kumukokera mpando, chifukwa khofi amamwa chiimire, chikhoto chili m'thupi, diso lili kukhomo. Kutchalitchi amakhala benchi yakumapeto kuti nyimbo yomaliza ikamatha iye akhale atafika kale panja. Anabadwira momwemuno, kumapiri a kumpoto kwa Idaho kuno, hotela isanamangidwe, nthawi imene chipale chofewa chinali chinthu chongofoshola pakhomo, osati chokopera alendo. Hotela itabwera analowa ntchito kochapira, ndipo zaka makumi atatu ndi ziwiri anazitha ali chiimire, kuchapa ndi kusita nsalu za pabedi za anthu obwera kudzasewera. Atapuma ntchito, omwe anapuma anali manja okha. Miyendo sinamve kuti ntchito yatha.

Ndiye nyengo yozizira ikafika, seveni koloko m'mawa ankamanga nsapato zake za pachipale, zija zotambalala ngati lichero zomangirira kunsi kwa jombo, n'kulowa Njira ya Kumtsinje, imene imayambira kuseri kwa nyumba yawo kwenikweniko. Ankawoloka kamlatho, kudutsa pa benchi osaiyang'ana n'komwe, kukwera mpaka kumathithi oundana, kenako n'kubwerera chakumtunda kudzera m'mapaini mpaka kutulukira kumsewu. Mamailosi sikisi, maola atatu osakwana, mzimayi wa zaka zoposa sevente. Anyamata a ku hotela ayesapo kumutsatira, anabwerako lilime lili panja.

Njira imeneyi ili ndi lamulo lake, ndipo mwana wa muno amalidziwa asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Kukamacha, Dwight Amundrud amadutsa ndi chimakina chake chosalaza chipale, ndipo m'mbuyo mwake chimasiya timizere tiwiri tosalala, mmene anthu otsetsereka pachipale amalowetsa timatabwa tawo tomanga kumapazi. M'timizere timeneto sapondamo. Woyenda pansi amayenda m'mphepete, kumanzere, atavala nsapato za pachipale. Ukalowa ndi jombo zokha mwendo umatitimira mpaka m'katumba n'kusiya dzenje, dzenjelo limauma gwa ngati simenti, ndipo wotsetsereka akabwera ali pa liwiro kathabwa kamakodwa, munthu n'kugwa chafufumimba. Palibe chovuta kumvetsa pamenepa, koma alendo chaka ndi chaka amachita ngati awauza m'chilankhulo china.

Amene anakhazikitsa lamuloli ndi amuna ake a Lorna, a Wendell. Fakitale yocheka matabwa itatsekedwa, iwo ndi anzawo atatu ndi amene analambula njirayo ndi nkhwangwa ndi macheka. Chikwangwani cha pakamlatho analemba ndi dzanja lawo, benchi ija anakhoma okha. Tsono Lorna palibe anamusankha, koma wapolisi wa njirayo anali iyeyo. Pakamwa pake ndi pa lumo. Chaka china anapeza dokotala wina wa ku Seattle akuguba m'timizere ndi jombo zatsopano, ndipo anamubweza, n'kumuimirira mpaka munthu wamkulu ndi ndevu zake anakwirira dzenje lililonse ndi manja.

Koma tinene zoona, zaka ziwiri zapitazi Lorna sankayendera kukonda chipale kokha ayi. Ankathawa nyumba. A Wendell mutu unali utayamba kutaya zinthu. Zinayamba ndi makiyi, kenako mayina a zidzukulu, kenako tsiku lina anaima pakati pa khitchini atagwira ketulo n'kufunsa kuti chinthu chimenechi amaika pati. Munthu amene ankadziwa mtengo uliwonse wa m'chigwa muno tsopano ankangokhala pampando wa pawindo, manja ali pamaondo, n'kumafunsa kakhumi kuti lero n'lachingati. Lorna ankayankha koyamba bwinobwino, kachiwiri bwinobwino, kachisanu mawu atakwera, kenako ankadzida yekha tsiku lonse. Ankawakonda amuna akewo, zimenezo musakayike, koma kuwayang'ana akuzilala pang'onopang'ono pampandopo kunkamuopsa kuposa chilichonse, ndipo mantha ake onse ankatsikira m'miyendo. Mwana wawo Joanie akaimba foni kuchokera ku Spokane n'kuyamba za nyumba yosungirako okalamba, Lorna ankangoti supu ikupserera n'kudula foni.

Mwayi wake unali umodzi. Mankhwala a madzulo ankawagoneka a Wendell mpaka cha m'ma teni, kapena tinene kuti iye ankakhulupirira choncho. Ndiye ankawasiyira phala la oti pa mbaula, kutseka chitseko mwakachetechete, n'kupita kukapuma mpweya maola atatu amenewo. Akabwera ankawapeza atadzuka kale, ali pampando wawo, ndipo tsiku lonselo ankatha kulipirira.

Maenje anayamba sabata yachiwiri ya Januwale. Kuyambira pakamlatho mpaka pa benchi, theka la mailosi, ndipo osati m'mphepete ayi, m'timizere mwenimwenimo, phazi ili m'kamzere aka, phazi linalo m'kamzere ako, kupita ndi kubwerera. Lorna sanawaone yekha poyamba, poti iye ankadutsa njira ili yosalala n'kubwerera chakumtunda. Anamva kwa Dwight. Tsiku lachitatu mayi wina mlendo anakodwa m'dzenje, anagwa, dzanja n'kuthyoka pamfundo. Hotela inakwiya, otsetsereka anakwiya, komiti ya njira inaitanitsa msonkhano kuholo ya ozimitsa moto.

Msonkhanowo unali wotentha. Otsetsereka, amene ndi ambiri ndipo ndi amene amadzaza hotela, anati atopa nawo oyenda pansi, chaka chilichonse nkhani yomweyomweyi. Wapampando, mayi Varga, mwini sitolo yobwereketsa timatabwa, anagamula mosapsatira mawu kuti mwini maenjewo akapanda kupezeka pofika Lachisanu la sabata yamawa, Njira ya Kumtsinje itsekedwa kwa onse oyenda pansi, a jombo ndi a nsapato za pachipale omwe. Ofuna kuyenda azipita kunjira ya kuseri kwa phiri. Lorna atamva zimenezo anayamba kuwerengera. Njira ya kuseri kwa phiri ndi ulendo wa mphindi makumi anayi pagalimoto, kupita kokha. M'maola ake atatu aja sizikanakwana, ndipo zikanatanthauza kuti iye azikhala m'nyumba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mpaka chipale chidzasungunuke mu Epulo.

Sanachite kuimirira, anali chiimire kale kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Anawauza kuti amupatse masiku khumi amenewo, ndipo munthuyo adzabwera naye kuholo komweko atamugwira khutu. Anthu anaseka, koma palibe anakayika kuti angathe.

Tsono mukanamuona sabata imeneyo. Anagogoda m'nyumba zonse zogonamo alendo za m'mphepete mwa mtsinje, ati akufuna aone jombo zawo, ena anamutsegulira, ena anamuyang'ana ngati wapenga. Ku positi ofesi sankayang'ana anthu kumaso, ankangoyang'ana kumapazi. Kubekale anapanikiza chimunthu china chachitali cha jombo zonyowa, kuchifunsa kumene chinali m'mawa, mpaka zinadziwika kuti ndi munthu wobweretsa gasi ndipo njirayo sakuidziwa n'komwe. Lorna sanapepese, anangoti nayenso azisamala. Madzulo kunyumba ankazungulira khitchini, kupukuta tebulo lopukuta kale, kutulutsa nkhuni m'bokosi n'kuzibwezeranso, a Wendell akumutsatira ndi maso okha. Tulo tinkabwera tochepa. Maenje aja m'mawa uliwonse anali pompo, ndipo Dwight ankachita kudutsa kawiri ndi chimakina chake kuti awafafanize.

Amene anamuuza zoona anali Noreen Pelletier, mnzake wa kochapira kuja, amene tsopano amagulitsa kubekale. Anamuikira mkate wa sinamoni m'pepala, poti ankadziwa kuti pambale sadyera, n'kunena akuseka:

"Amwali, mukungodzitopetsa. Munthu wanuyo amabwera m'mbuyo mwanu, inu mutadutsa kale. Kuti mumugwire muyenera kukhala malo amodzi n'kudikira. Ndiye basitu, njira yapita imeneyo, tiziyamba kutsanzikana nayo."

Lorna anamuuza kuti asamale zogulitsa mikate, koma mawuwo anamulowa. Lolemba anakabisala kuseri kwa mkungudza waukulu wa pafupi ndi kamlatho. Anaima. Anawerenga nthambi. Anamanganso zingwe zomwe zinali zomanga kale. Chisanu chinayamba kulowa kuzala, maganizo anayamba kubwera, aja amene amawathawa, a ketulo, a Joanie ndi nyumba ya okalamba, ndipo anadziuza kuti angofika pa benchi n'kubwerera kuti magazi ayende. Anadzazindikira ali kumathithi. Anali atadikira mphindi khumi. Lachiwiri anatenga fulasiki ya khofi kuti imugwire pamalo, anapirira kotala la ola, khofi atatha miyendo inanyamuka yokha. Masiku onse awiriwo maenje anapezeka, ndipo Noreen anaseka mpaka kugwira kauntala.

Lachitatu atabwera kunyumba anapeza timadzi pansi pafupi ndi chitseko chakuseri, ndipo miyendo ya buluku logonera la a Wendell inali yonyowa. Anadziuza kuti mwina anatuluka kukatenga nkhuni. Anakolopa msangamsanga, kuwasinthitsa, kuwapatsa tiyi, ndipo pakona pamene pamakhala jombo sanayang'anepo. Lachinayi madzi aja analipo ndithu, anakolopanso.

Lachisanu, tsiku la msonkhano, anapeza Dwight atazimitsa chimakina chake pakamlatho, akumudikira. Dwight ndi mwana wa m'chigwa muno, wa zaka za m'ma fote, wofatsa, ndipo ntchito ya njirayi anaiphunzira kwa a Wendell. Anatsika, kuvula chipewa ngakhale kunali chisanu choluma makutu, n'kuyamba kuzungulirazungulira, za nyengo, za mafuta a makina. Lorna anamuuza kuti anene zomwe akufuna, iye alibe nthawi.

"Mayi, kodi m'maenjemo munayang'anamo pansi?"

Lorna anati dzenje ndi dzenje, muli chiyani. Dwight anafotokoza, maso ali pa chipewa chake, kuti pansi pa dzenje lililonse pali tizizindikiro ta masikuluwu. Masiku ano aliyense amagula timatcheni tovala kunsi kwa jombo kuti asaterereke, ndipo okhomerera timasikuluwu tatifupi m'jombo monga kale atsala owerengeka. Lorna anati theka la madala a m'chigwa muno amachita zimenezo.

"Eya, koma aliyense ali ndi kakhomedwe kake. Awa ndi atatu kuchidendene, awiri kutsogolo. Ineyo anandiphunzitsa choncho ndi munthu mmodzi yekha."

Dwight anati sanauze aliyense. Anati madzulo akhoza kukauza komiti kuti anali mlendo ndipo wapita kale kwawo, bola maenjewo asiye. Lorna anamuyang'ana ngati amumeze. Anamuuza kuti ntchito yake ndi kuyendetsa chimakinacho, osati kuwerenga jombo za akuluakulu, ndipo ananyamuka mwaliwiro loti chipale chinkachita kuulukira m'mbuyo.

Anadutsa benchi ija monga mwa masiku onse. Anayenda mwina mapazi makumi asanu, n'kuima. Kupitirira analephera, chifukwa ngati Dwight ankanena zoona ndiye kuti m'mawa uliwonse, iye ali kumathithi, amuna ake ankakhala ali panja m'chisanu chimenechi okhaokha. Kubwerera kunyumba anaopa, chifukwa akanapeza jombo zija pakona n'kuzitembenuza, ndipo sakanathanso kudzinamiza. Anaima pakati pa njira. Kenako anabwerera pa benchi, kusesa chipale ndi mkono, n'kukhala pansi. Benchi imeneyo inali itakhala pamenepo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo aka kanali koyamba kuti Lorna aikhalire.

Anavutika, ndikuuzeni. Thabwa linali lozizira mpaka m'mafupa. Anakweza mpango mpaka m'maso, kukokera chipewa cha chikhoto kumutu, kupinda manja, kuwatambasula, kuwapindanso. Mapazi ankapondaponda okha mpaka chipale cha kutsogolo kwa benchi chinauma ngati pabwalo. Kawiri anaimirira, kawiri anadzikhazikanso pansi akudzitukwana. Anadutsa otsetsereka awiri, anamupatsa moni, atamuzindikira anacheuka mpaka mmodzi anatsala pang'ono kugwa. Dzuwa linatulukira pamwamba pa phiri, mitengo inayamba kugwetsa chipale. Anapemphera kuti abwere mlendo, wina aliyense, wamwano, wa jombo zodula, woti amukalipire mtima uphwe.

Cha m'ma hafu eyiti anaona chikhoto chofiira chikutuluka m'mitengo chakukamlatho. Ankachidziwa chikhoto chimenecho, anachisoka yekha pachigongono. A Wendell ankabwera pang'onopang'ono, mutu uli pansi, phazi ili m'kamzere aka, linalo m'kamzere ako, mosamala ngati mwana wophunzira kuyenda. Kunsi kwa chikhoto kunkaoneka buluku logonera. Golovesi anavala dzanja limodzi lokha. Phazi lililonse linkatitimira mpaka m'katumba, ankalizula, n'kupondanso, ndipo anali atadutsa pansi pa chikwangwani cholembedwa ndi dzanja lawo lomwe choletsa zimenezo.

Atafika pa benchi anaima, akupuma mwawefuwefu, n'kuyang'ana kumtunda kumene njira imakhotera. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaona kuti pabenchipo pali munthu wodzikuta mpaka m'maso, ndipo anagwira chipewa mwaulemu monga amachitira kwa alendo.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Pepani, kodi simunaone mkazi wanga akudutsa apa? Wamfupi choncho, woyenda ngati akumuthamangitsa."

Lorna anangopukusa mutu. A Wendell sanadabwe. Anafotokoza bwinobwino, ngati munthu wozolowera, kuti m'mawa uliwonse akadzuka m'nyumba mumakhala muli zii, ndiye amatuluka kudzamuyang'ana. Anati pali munthu wina wabwino mtima amene amawajambulira mizere iwiriyi tsiku lililonse, ndipo akangoitsatira sasochera, imawafikitsa pa benchi ino n'kuwabwezanso kunyumba. Kupitirira pa benchi sapitako, poti kumeneko sakukumbukirako bwino, ndipo mkazi wawo akabwera n'kupeza iwo palibe angade nkhawa.

"Zaka fifite ndikumulondola ameneyu," anatero akuseka, "sindinamupezepo."

Lorna anatsitsa mpango. A Wendell anamuyang'ana, maso akufufuza, ndipo pang'onopang'ono nkhope inasintha. Koma m'malo mosangalala anachita mantha.

"Make Joanie? Wakhala pansi? Wadwala kodi?"

Apa Lorna anaseka, ndipo kusekako kunathera m'kulira, kulira kwenikweni kwa mamina, kumene anali asanalire chiyambire matendawa. Anawauza kuti sanadwale, amangowadikira. Anagwira dzanja lopanda golovesi lija, linali lozizira ngati chitsulo, analilowetsa m'khwapa mwake mpaka linafunda. Manyazi anamugwira, ndi chisoni, ndi mkwiyo wodzikwiyira yekha, kuti sabata yonse wakhala akuopseza alendo ndi anthu a gasi pamene munthu wake ankayenda theka la mailosi m'chisanu, atavala zogonera, kufunafuna iyeyo. Akanagwa tsiku lina pamenepo bwenzi atawapeza ndani?

Anavula nsapato zake za pachipale, kugwada, n'kuwamanga amuna ake. Anawaimika m'mphepete, kumanzere, kumalo kwa oyenda pansi. Iye anatsala ndi jombo zokha, ndiye kuti asaboole maenje atsopano analowa m'timizere n'kumaponda m'maenje a amuna akewo, limodzilimodzi, atawagwira dzanja. Miyendo ya a Wendell ndi yaitali, iye ndi wamfupi, ankachita kudumpha. Dwight, amene anali atangobwerera kumene pakamlatho, anaona wapolisi wa Njira ya Kumtsinje akubwera m'timizere ndi jombo, anatembenuka n'kuyamba kugwiragwira injini yomwe inalibe vuto lililonse.

Madzulo, sikisi koloko, Noreen anatsala ndi a Wendell, Lorna anapita kuholo. Inali yodzaza, ena anabwerera kudzaona munthu wogwidwa khutu uja. Dwight anali atayamba kale kuimirira kuti anene bodza lake la mlendo, koma Lorna anamukhazika pansi ndi diso lokha. Sanaime kumbuyo ulendo uno. Anayenda mpaka kutsogolo.

"Maenje aja ndi a bambo a Joanie. Mutu wawo sukuyenda bwino, nonse mukudziwa ngakhale mumandichitira manyazi. Amatuluka kudzandifunafuna ine. Ndiye mlandu ndi wanga, si wa oyenda pansi. Njira musatseke, maenje simudzawaonanso."

Theka la anthu a muholomo anaphunzira kutsetsereka panjira zolambulidwa ndi a Wendell, ena anawanyamulapo pamapewa ali ana. Mayi Varga anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso, n'kunena kuti nkhani ya Njira ya Kumtsinje yatha, ikhalabe yotsegula, apite pa nkhani ya zimbudzi za pamalo oimika magalimoto. Lorna anapempha adiresi ya mayi wothyoka dzanja uja kuti amulembere kalata yopepesa, atapatsidwa anatuluka msonkhano usanathe. Chizolowezi chimenecho chokha ndiye sanasiye.

Njira anaipulumutsa, inde, koma anapulumutsira ena. Kuyambira tsiku limenelo Lorna sanafikenso kumathithi. Seveni koloko imamupeza ali m'nyumba, akuzungulira khitchini, kudikira kuti a Wendell adzuke. Akadzuka amawadyetsa phala, kuwaveka buluku lenileni, magolovesi onse awiri, kuwamanga nsapato za pachipale, n'kunyamuka. Kuchokera pakhomo kukafika pa benchi amatenga pafupifupi ola lathunthu, mtunda umene iye yekha ankautha mphindi khumi. A Wendell amaima pa mtengo uliwonse. Amafuna kulowa m'timizere, iye amawakokera kumanzere, amaiwala, amawakokeranso. Oyenda pansi anzake amawapitirira, kupereka moni, n'kukhotera kumtunda, ndipo Lorna amawayang'ana mpaka atabisika m'mitengo. Nsanje imamupweteka, sabisa. Anauza Noreen kuti masiku ena miyendo imachita kuyabwa mkati, moti amafuna kukuwa.

Noreen anadzipereka kuti azikhala nawo a Wendell Loweruka lililonse kuti mnzakeyo akawongole miyendo. Lorna anayesa kamodzi mu Febuluwale. Anadutsa benchi, kukwera mpaka pakati pa chitunda, kenako anaganiza za munthu akudzuka n'kumva m'nyumba mulibe mapazi ake, akuyang'ana jombo pakona. Anabwerera akuthamanga, anakapeza akugonabe, Noreen akuwerenga nyuzipepala. Noreen anamutukwana bwinobwino, koma Loweruka lotsatira Lorna sanapitenso.

Mukadutsa pa benchi cha m'ma teni muwapeza. Mayi wamfupi wokhala kumapeto kwenikweni kwa thabwa ngati anyamuka pompano, mapazi akupondaponda chipale, ndi bambo wamtali wa chikhoto chofiira. Masiku ena a Wendell amamudziwa, ndipo amamuseka kuti wakalamba, wayamba kukonda mipando. Masiku ena, ndipo akuchulukirachulukira, amafika pabenchipo n'kuyang'ana kumtunda nthawi yaitali, kenako amatembenukira kwa mayi amene wawagwira dzanjayo n'kumufunsa mwaulemu ngati sanaone mkazi wawo akudutsa.

"Sanadutse, bambo," Lorna amayankha choncho, akusesa chipale pathabwa. "Khalani pansi timudikire."